Kuuma ndi kuyabwa kwa khungu mwa odwala impso amene ali pa dialysis mu Blantyre

Munthu amene impso zake zinasiyiratu kugwira ntchito amakhala ndi moyo chifukwa cha makina a dialysis. Anthu ambiri amati makinawa amatsuka impso, koma ntchito yake yeniyeni ndi kusefa magazi. Magazi amatuluka m'thupi kudzera m'kapaipi, n'kudutsa m'sefa imene imachotsa zoipa, mchere wochuluka ndi madzi otsalira, kenako amabwerera m'thupi. M'zipatala za boma thandizoli linayambira pachipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe mu 1998, ndipo pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu Blantyre, chimene ambiri amachitchula kuti Gulupu, linayamba mu 2011. Odwala a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri amalawirira kukakwera minibasi kuti akagone pamakinawo kwa maola pafupifupi 4, ndipo ambiri amatero kawiri pa sabata, pamene m'mayiko olemera muyezo wake ndi katatu.

Wodwala akafika, anamwino amamuyeza sikelo kuti adziwe madzi amene adzikundikira m'thupi, amayeza kuthamanga kwa magazi, ndipo nthawi ndi nthawi amatenga magazi kuti aone kuchuluka kwake komanso mchere wa potassium. Zonsezi n'zoyenera chifukwa ndi zimene zingaphe munthu mwadzidzidzi. Khungu silikhala pamndandanda wa zoyezazo. Komatu kwa odwala ambiri, chimene chimawasowetsa tulo usiku ndi khungu louma, lotuwa mbuu, loyabwa kumsana ndi m'miyendo mpaka munthu kudzikanda kufikira kutuluka magazi.

Kukula kwa vutoli

Ziwerengero zodalirika kwambiri zimachokera ku kafukufuku wamkulu wotchedwa DOPPS, amene amatsatira odwala a pa dialysis m'mayiko ambiri. Zotsatira zimene Pisoni ndi anzake anasindikiza mu 2006, zochokera kwa odwala oposa 18,000 m'mayiko 12, zinasonyeza kuti odwala 42 pa 100 alionse ankavutika ndi kuyabwa kwapakatikati mpaka koopsa. Odwala oyabwa chotere anali ndi chiopsezo cha imfa chokwera ndi 17 peresenti poyerekeza ndi anzawo, ndipo ofufuzawo atawerengera vuto la kusagona bwino, kusiyana kumeneku kunachepa kwambiri. Izi zikutanthauza kuti njira yaikulu imene kuyabwa kumafooketsera munthu ndi kumulanda tulo usiku uliwonse kwa miyezi ndi zaka.

Mu 2017 Rayner ndi anzake anasindikiza zotsatira zina za kafukufuku yemweyu, zokhudza zaka za 2012 mpaka 2015. Odwala 18 pa 100 alionse anati kuyabwa kunkawasautsa kwambiri. Chodabwitsa chinali chakuti madokotala oyang'anira malo a dialysis 69 pa 100 alionse ankaganiza kuti odwala awo oyabwa ndi ochepa kuposa mmene analili, ndipo pakati pa odwala amene ankayabwidwa pafupifupi nthawi zonse, 17 pa 100 alionse anali asanauzepo wachipatala aliyense. Awa ndi mayiko amene dokotala mmodzi amaona odwala ochepa ndipo nthawi yocheza naye imapezeka. Kumene namwino mmodzi akuthamanga pakati pa makina angapo, wodwala amene akudziona kuti ndi wamwayi kungopeza malo pamakina sangayambe kudandaula za khungu.

Mu Blantyre momwemo, Thokozani Masina, Gavin Dreyer ndi anzawo anasindikiza mu 2016, m'magazini ya BMC Nephrology, kafukufuku wa mmene odwala a pa dialysis amaonera umoyo wawo. Anafunsa odwala 22 pogwiritsa ntchito mafunso a KDQOL-SF, amene mwa zizindikiro 12 zimene amafunsa muli khungu loyabwa ndi khungu louma. Kuchepa kwa chiwerengerochi kukuonetsa mmene analili ochepa anthu amene ankafika pamakina mumzindawu nthawi imeneyo. Pa za kuuma kokha, kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amapeza kuti odwala a pa dialysis pakati pa 50 ndi 85 pa 100 alionse ali ndi khungu louma.

Chimene chimachitika pakhungu

Pamwamba penipeni pa khungu pali kachikopa kopyapyala kopangidwa ndi maselo akufa omatidwa ndi mafuta, monga njerwa zomangira matope. Kachikopa kameneka ndi kamene kamatsekera madzi m'thupi ndi kutchinga tizilombo kunja. Impso zikalephera kwa nthawi yaitali, tiziwalo totulutsa thukuta ndi totulutsa mafuta a pakhungu timafota. Mankhwala achilengedwe osunga chinyezi pakhungu, monga glycerol, amachepa. Zikatero matope aja amaphwa, njerwa zimayamba kutakasuka, ndipo khungu limasanduka mamba ngati a nsomba, makamaka kutsogolo kwa miyendo, m'mikono ndi kumsana. Pakhungu lakuda kufiira kumene mabuku ambiri a zachipatala amafotokoza sikuoneka bwino. Chimene chimaoneka ndi kutuwa ngati munthu wadzola phulusa, ming'alu ya kuzidendene, ndi madontho akuda pamene panali zilonda zokanda.

Pano pali chinthu chimene chimasokoneza achibale ambiri. Munthu wamba akauma khungu amauzidwa kuti azimwa madzi ambiri. Wodwala wa pa dialysis sangatsate malangizo amenewa. Ambiri mwa iwo amakodza pang'ono kwambiri kapena sakodza n'komwe, choncho madzi alionse amene amwa amakhala m'thupi mpaka tsiku la makina. Munthu angathe kutupa miyendo ndi madzi, mapapo n'kudzaza mpaka kubanika, koma khungu lake lili gwa, chifukwa chavuta ndi chotchinga cha pamwamba chija osati kuchepa kwa madzi m'thupi. Wachibale amene akukakamiza wodwala kumwa makapu owonjezera kuti khungu lisalale angamutumize kuchipatala usiku akulephera kupuma.

Kuyabwa kuli ndi magwero ambiri kuposa kuuma

Khungu louma limawonjezera kuyabwa, koma alipo odwala ouma khungu amene sayabwidwa, ndipo alipo oyabwidwa kwambiri amene khungu lawo silinaume kwenikweni. Akatswiri masiku ano amatchula zinthu zinayi zimene zimagwirira limodzi. Choyamba ndi zoipa zimene makina sachotsa mokwanira, makamaka zazikuluzikulu zimene sizidutsa mosavuta m'sefa. Wodwala amene amasefedwa kawiri pa sabata, kapena amene wajomba tsiku chifukwa chosowa ndalama ya minibasi, amakhala ndi zoipazi nthawi yaitali. Chachiwiri ndi chitetezo cha m'thupi chimene chimakhala chotekeseka nthawi zonse ngati chikulimbana ndi matenda, n'kumatulutsa timadzi monga interleukin 31 timene timatokosa minyewa ya pakhungu. Chachitatu ndi kuwonongeka kwa minyewa yeniyeniyo, kumene kumachitika kawirikawiri mwa odwala impso, makamaka amene alinso ndi matenda a shuga. Minyewa yowonongeka imatumiza ku ubongo uthenga wa kuyabwa popanda chinthu chilichonse chokhudza khungu. Chachinayi ndi kusokonekera kwa timalo tolandirira uthenga totchedwa mu ndi kappa: ta mu tikatakasika kuyabwa kumakula, ta kappa tikatakasika kumachepa, ndipo mwa odwala impso sikelo imapendekera ku mbali ya mu.

Kwa zaka zambiri mlandu wonse unkaikidwa pa mchere wa phosphate, calcium ndi homoni yochokera ku tiziwalo ta pakhosi totchedwa parathyroid. Odwala ankauzidwa kuti akuyabwidwa chifukwa chosasamala zakudya. Kafukufuku wa zaka zaposachedwa, kuphatikizapo wa Rayner uja, sanapeze mgwirizano wamphamvu pakati pa kuchuluka kwa phosphate m'magazi ndi kuyabwa. Kuchepetsa phosphate n'kofunikabe chifukwa kumateteza mafupa ndi mitsempha ya magazi, koma kuuza wodwala kuti kuyabwa ndi chilango cha usipa umene anadya n'kumunamizira, ndipo kungamuchititse kusiya ndiwo yokhayo yomanga thupi imene banja lingakwanitse. Usipa, matemba ndi kapenta zimadyedwa ndi minga yake ndipo zili ndi phosphate wambiri, chimodzimodzi mkaka. Phosphate wa mu nyemba ndi nsinjiro thupi limamutenga pang'ono chabe, pamene wothiridwa m'zakumwa zakuda za m'botolo ndi m'nyama zokonzedwa kufakitale amalowa pafupifupi yense. Pofuna kudula, n'kwanzeru kuyambira pa zakumwazo. Mapiritsi a calcium carbonate ogwira phosphate amagwira ntchito akamwedwa pamodzi ndi chakudya, osati patapita maola.

Kuyabwa kwa matenda a impso kumakonda kugwira mbali zonse ziwiri za thupi mofanana, kumsana, m'mikono, pamutu ndi pamimba. Kumakula usiku ndiponso kukatentha, ndipo ena kumawavuta kwambiri ali pamakina kapena atangochokapo. Sikuyamba ndi nsungu kapena totupa. Zilonda, timibulu tolimba ndi kukhuthala kwa khungu zimabwera pambuyo pake chifukwa cha kukanda.

Kusiyanitsa ndi matenda ena

M'makwalala othithikana a mzindawu sibwino kufulumira kunena kuti ndi impso. Mphere imayabwanso usiku, koma imaonekera pakati pa zala, m'khwapa, m'chiuno ndi kumaliseche, ndipo kawirikawiri ena m'nyumbamo amakhala akudzikandanso. Funso lakuti kodi ana kapena amene mumagona naye akuyabwidwanso limathetsa nkhani zambiri. Nsikidzi zimasiya timabala tondondozana pamalo osafunda. Anthu amene ali ndi HIV, makamaka chitetezo chikatsika, amatuluka timatuza toyabwa m'mikono ndi m'miyendo, ndipo mankhwala ena monga cotrimoxazole angayambitse totupa. Matenda a chiwindi, kuchepa kwa ayironi m'magazi, chipere, ndi mafuta oyeretsa khungu okhala ndi mankhwala a steroid nazonso zimayabwitsa. Wodwala impso angakhale ndi ziwiri kapena zitatu mwa zimenezi nthawi imodzi, choncho wachipatala wa ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena South Lunzu ayenera kuona khungu lonse ndi maso ake, osangomva mawu akuti dialysis n'kutseka kabuku.

Kufanana kumeneku ndi mphere ndi HIV kumabweretsa mtolo wina. Munthu wodzikanda m'minibasi kapena m'tchalitchi anthu amamutalikira. Kunyumba ena amamupatulira zofunda ndi beseni. Kuyabwa kwa impso sikupatsirana m'njira ina iliyonse, ndipo mawu amenewa ayenera kunenedwa kwa mkazi, mwamuna kapena womudikirira wodwalayo, osati kwa wodwala yekha.

Kukanda kuli ndi ngozi yake yapadera kwa anthu amenewa. Magazi amatuluka ndi kulowa kudzera mu fistula, mtsempha umene madokotala amalumikiza pamkono, kapena kudzera m'kapaipi koikidwa pakhosi kapena pachifuwa. Tizilombo ta Staphylococcus aureus timakhala pakhungu ndi m'zikhadabo. Chilonda chokanda pafupi ndi malo amenewa chingalowetse tizilomboti m'magazi, ndipo matenda a m'magazi ndi amodzi mwa zinthu zimene zimapha kwambiri odwala a pa dialysis. Kuwenga zikhadabo ndi kusakanda mkono wa fistula kapena m'mbali mwa bandeji ya kapaipi ndi nkhani yoteteza moyo.

Sopo, madzi ndi nyengo

Zambiri zimene zimaumitsa khungu zili kubafa. M'mabanja ambiri sopo mmodzi wamtanda ndi amene amachapira zovala, kutsukira mbale ndi kusambira. Sopo wochapira amapangidwa kuti asungunule mafuta, ndipo amasungunulanso mafuta ochepa amene atsala pakhungu la wodwala. Munthu akaona kutuwa amaganiza kuti ndi litsiro, ndiye amatenga chinkhupule kapena mwala n'kukhula mwamphamvu, kumene kumangosenda kachikopa kotchinga kaja. Madzi otentha kwambiri amaziziritsa kuyabwa kwa mphindi zochepa, kenako kumabwerera mowirikiza. Miyezi ya Juni ndi Julayi anthu amasamba madzi owira n'kukakhala pafupi ndi mbaula, Ogasiti amabwera ndi mphepo youma ndi fumbi, ndipo Okutobala amabwera ndi kutentha kumene kumakolezera kuyabwa usiku. Wodwala amapuma pang'ono m'miyezi ya mvula yokha.

Malangizo ake safuna ndalama zambiri. Kusamba kamodzi patsiku ndi madzi ofunda pang'ono n'kokwanira. Sopo wosanunkhiritsa wosambira agwiritsidwe ntchito m'khwapa, m'mphechepeche ndi kumapazi, kwina konse madzi okha. Popukuta thaulo lingogunditsidwa, osakhula. Mafuta adzoledwe nthawi yomweyo khungu likadali lonyowa pang'ono, chifukwa ntchito yake ndi kutsekera madzi amene ali kale pakhungu. Kudzola kubwerezedwe kawiri kapena katatu patsiku, ndiponso madzulo asanagone. Zovala ndi zofunda za thonje zimavutitsa pang'ono kuposa za ubweya ndi za nayiloni. Kuyabwa kukabwera, kansalu konyowa ndi madzi ozizira kapena kusisita ndi chikhatho kumathandiza popanda kung'amba khungu.

Mafuta a Vaseline osanunkhiritsa ndi glycerine, zimene zimapezeka m'magolosale ndi m'misika, ndi zina mwa zothandiza kwambiri. Kafukufuku wa Balaskas ndi anzake wa mu 2011 anasonyeza kuti mafuta okhala ndi glycerol 15 peresenti ndi paraffin 10 peresenti amachepetsa kuuma ndi kuyabwa mwa odwala a pa dialysis. Apa pafunika kusamala ndi mawu. Paraffin wa m'mafuta odzola ndi mafuta oyeretsedwa a mtundu wa Vaseline, si parafini wa mu nyali, amene amawotcha khungu ndipo ndi poizoni. Chimodzimodzi mafuta okhala ndi urea 10 peresenti, amene amafewetsa mamba bwino, alibe chochita ndi thumba la feteleza ngakhale dzina ndi limodzi. Glycerine wosasungunula amanata ndipo angathe kunyerenyetsa pamene pali ming'alu, choncho ndi bwino kumusakaniza ndi madzi pang'ono kapena ndi mafuta ena.

Zinthu ziwiri zimene zimaperekedwa kawirikawiri zili ndi zovuta zake. Calamine amaziziritsa koma akauma amaumitsanso khungu. Aqueous cream ambiri ali ndi mankhwala a sopo otchedwa sodium lauryl sulphate, ndipo mu 2013 bungwe loona za mankhwala ku Britain, MHRA, linachenjeza kuti angathe kuyabwitsa akasiyidwa pakhungu. Ndi wabwino kusambira m'malo mwa sopo kuposa kudzola. Bungwe lomweli linachenjezanso mu 2018 kuti mafuta odzola akalowerera m'zovala ndi m'zofunda amachititsa kuti nsaluyo iyake msanga ikakhudza moto. Mumzinda umene mabanja ambiri amaphikira makala ndi kuyatsa kandulo magetsi akazima, chenjezo limeneli liyenera kuperekedwa pamodzi ndi botolo la mafutalo. Munthu wamkulu wodzola thupi lonse mokwanira amatha magalamu mazana angapo pa sabata, ndipo kwa banja limene likulipira kale minibasi ya anthu awiri kawiri pa sabata, imeneyi si ndalama yochepa.

Mankhwala akumwa

Mankhwala amene amafika msanga m'manja mwa wodwala ndi chlorpheniramine, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Piriton. Amathandiza pa ziwengo chifukwa amatchinga histamine, koma kuyabwa kwa impso sikudalira kwenikweni histamine. Amangogonetsa munthu, n'kumusiya ali ziii m'mawa, pakamwa pouma, ludzu litakula, kwa munthu amene saloledwa kumwa madzi ambiri. Si ku Malawi kokha kumene chizolowezichi chinazika mizu: mu kafukufuku wa DOPPS uja madokotala oposa theka ankayambira pa mankhwala a gulu limeneli.

Umboni wamphamvu uli pa gabapentin ndi pregabalin, mankhwala amene amatontholetsa minyewa. Kafukufuku wa Gunal ndi anzake ku Turkey mu 2004 anali mmodzi mwa oyamba kusonyeza zimenezi, ndipo kuunika kwa bungwe la Cochrane mu 2020, kumene kunaphatikiza makafukufuku 92 a anthu oposa 4,000, kunapeza kuti mankhwala awiriwa ndi amene ali ndi umboni wokhutiritsa kwambiri. Vuto lake ndi lakuti amachoka m'thupi kudzera mu impso. Mwa munthu amene impso sizikugwira, muyezo wamba ungathe kumuledzeretsa, kumusokoneza mutu, kumugwetsa, ngakhale kumukomola. N'chifukwa chake madokotala amayambira pa mamiligalamu 100 a gabapentin akangomaliza dialysis, n'kumawonjezera pang'onopang'ono ngati pakufunika. Kwa wodwala wosefedwa kawiri pa sabata mankhwalawa amakhala m'thupi masiku atatu kapena anayi asanachotsedwe, ndipo wodwalayo ayenera kutsika minibasi, kukwera kabaza kapena kuyenda m'tinjira tamiyala ta m'mphepete mwa phiri la Ndirande kapena Bangwe. Si mankhwala ogula pawekha kapena obwereka kwa mnansi wodwala shuga. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, komanso zitsamba zakumwa zimene ena amati zimatsuka magazi, zingathe kupha mphamvu yochepa imene impso zatsala nayo kapena kukweza potassium.

Kunja kuli njira zina. Kuwalitsa khungu ndi nyali za UVB kunasonyezedwa kuti kumathandiza kuyambira pa kafukufuku wa Gilchrest mu 1977, koma kumafuna makina ndi maulendo ena owonjezera kuchipatala. Dziko la Japan linavomereza nalfurafine mu 2009, ndipo la United States linavomereza difelikefalin mu 2021. Onsewa amatakasa timalo ta kappa tija. Pa kafukufuku wa KALM-1 wosindikizidwa mu 2020, odwala pafupifupi 52 pa 100 alionse olandira difelikefalin anapeza mpumulo woonekeratu, poyerekeza ndi pafupifupi 31 mwa amene analandira jakisoni wopanda mankhwala. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri moti sangakhale poyambira m'chipatala chimene chikulimbana ndi kupeza masefa ndi madzi a makina. Kuika impso ina kumathetsa kuyabwa mwa odwala ambiri, koma opaleshoni imeneyi Amalawi amakachitira kunja, makamaka ku India, ndipo ofikako ndi owerengeka.

Palinso gulu lalikulu limene makina saliona: anthu amene impso zinalephera koma sanapeze malo pa dialysis kapena sangathe kumafika ku Gulupu kawiri pa sabata. Maya Jane Bates ndi anzake anafotokoza mu 2017 zosowa za odwala otere mu Blantyre. Iwonso amauma khungu ndi kuyabwidwa, ndipo malangizo a sopo, kusamba ndi mafuta amawakhudza mofanana. Kwa iwo gabapentin amafunika kusamala kowirikiza chifukwa palibe makina omuchotsa m'thupi.

Poyezera kuyabwa palibe chipangizo chofunika kugula. Makafukufuku akuluakulu amagwiritsa ntchito funso limodzi: pa nambala zoyambira 0, kutanthauza kusayabwa konse, mpaka 10, kutanthauza kuyabwa koipitsitsa, kodi kuyabwa kunafika pati m'maola 24 apitawa? Namwino angathe kufunsa funsoli pamene wodwala ali pasikelo, n'kuwonjezera lina la mmene wagonera, n'kulemba mayankho pafupi ndi kulemera kwake. Nambala ya 7 kapena kuposa imasonyeza kuyabwa kwakukulu kofunika kuti dokotala aone khungu, aunike ngati kusefa kukukwanira, ndi kuganizira za gabapentin. Manambala amenewa atalembedwa mwezi ndi mwezi kwa chaka chimodzi, ophunzira ndi ofufuza a ku Kamuzu University of Health Sciences angathe kuyerekeza Julayi ndi Januwale, osefedwa kawiri ndi osefedwa katatu, komanso amene analandira mafuta kuchipatala ndi amene amadzigulira okha.